Thonje la M'mphuno

Anandilonga thonje m'mphuno
monga Feliya atsekera botolo la palafini ndi chitsononkho,
nandimata kansalu koyera pamwamba pa mlomo,
ndevu zobwereka.
Ndinabwera nazo pa minibasi kuchokera ku Blantyre.
Pa Chitakale kondakitala anandipatsa chenji
akuyang'ana kumbali.

Malamulo ali kuseri kwa kabuku ka chipatala:
osamina, osawerama, osanyamula thabwa.
Ukafuna kuyetsemula, yasama.
Ugone chokhala, pa mitsamiro iwiri.
Ife tili ndi umodzi.
Wachiwiri ndi thumba la nandolo.

Usiku pakamwa ndi khomo lopanda chitseko.
Lilime gwa, ngati chikopa choyiwalika padzuwa.
Pakati pa maso wina akukhoma msomali,
ndipo akuukhoma mokhota.

Zaka khumi ndi zisanu ndapala mkungudza pa Likhubula.
Mlendo amatsegula kabokosi, nanunkhiza, natsinzina,
ine n'kumavomera ndi mutu
chikhalirecho fungolo linandithawa
Mwandida asanamere mano.
Ndinkagulitsa chimene sindinkachimva.
Utuchi unkalowa, osatuluka.

Tsiku lochotsa, anamwino a Muhiwa anati,
"Gwirani mpando, bambo, muwerenge mpaka teni."
Ndinalekera pa folo.
Chinatuluka, chinatulukabe,
chofiira, chachitali ngati chingwe cha nsapato.
Zonsezi zinali mwa ine?
Misozi inabwera yosaitanidwa,
kenaka mphepo, yozizira ngati madzi a m'phiri,
inadutsa njira imene inali itamera thengo.

Bala la m'kati lilibe mboni.
Odzazonda amandiyang'ana kumaso, amvekere,
"Aa, si mwachira kale apa!"
Sadziwa za nkhanambo zimene chala chimazilakalaka,
chala chimene Feliya amachimenya ngati cha mwana.
M'mawa ndi madzulo amawiritsa madzi,
kamchere pang'ono, n'kuwasiya azizire,
ine n'kupopera ndi jakisoni wopanda singano
pamwamba pa beseni lochapiramo.
Zimene zimagweramo sindikuuzani.

Chiperoni chinagwa masiku anayi.
Phiri linasowa. Inenso ndinakhala m'nyumba,
mpango kumphuno, kumvetsera pulena ya Mulepa
ikudya matabwa a makasitomala anga.

Sabata yachitatu, Lachiwiri,
Mwandida anabwera atanyowa kuchokera kusukulu.
Amake anayanika juzi pafupi ndi mbaula.
Ndinali kusoka nsapato yanga, osaganiza kanthu,
pamene chinthu china chinagogoda kumbuyo kwa maso:
ubweya wonyowa, utsi wa makala,
ndi kathukuta ka mwana wanga
amene ndamulera zaka zisanu ndi zinayi
osadziwa kuti amanunkhira bwanji.

Sindinauze munthu.
Ndinaopa kuti ndikatchula chithawa.

Madzulo ndinapita kushedi, osawerama,
ndinatola ndi zala za kuphazi kampalo ka mkungudza.
Kali m'thumba la malaya mpaka lero.
Ndikanunkhiza mawa.
Mwina mkuja.