Jekete la Kachala

Kanema wathu tinamugula kwa mzungu wosamuka,
wansana wotupa, wolemera ngati thumba la simenti.
Lachisanu usiku, magetsi akatikomera mtima,
amatifukulira akauboyi akalekale
opanda mtundu, kuda ndi kuyera basi,
ndipo ife a m'nyumba ino ya ku Rosettenville
timathithikana pabalaza, mawondo kugundana.

Nkhani yake ndi yomweyo sabata ndi sabata.
Mlendo atulukira pa hatchi, fumbi koboo,
tauni ya msewu umodzi itseka mazenera,
woimba limba asiya nyimbo pakati,
wina anong'ona: ndi uja anagwetsa khumi ndi awiri.
Palibe amene anakawerengako mandawo.

Kachala sakhala pansi ngati ife.
Mpando wofewa ndi wake, ngakhale sanaugule.
Amatolera lendi ya mwininyumba
n'kuikapo yakeyake, akuti ya chitetezo.
Amavundukula mapoto a eni n'kusankha ntchafu.
Anafi, mnyamata wotsika basi dzana ku Park Station,
anamuvula nsapato kuti ayese saizi,
mpaka lero akuyesabe.
Akuti anawombera atatu ku Hillbrow.
Ena akuti asanu, ku Booysens, masanasana.
Jekete lake lachikopa limatupa chakumanzere,
akangokanda pamenepo
tonse timameza mawu ngati mapiritsi.

Koma telala wa nyumba ino ndine.
Jeketelo linagona pa makina anga mu Juni
zipi itathothoka mano.
Ndinapisa m'thumba lamkati, dzanja likunjenjemera:
kampope ka mphumu,
chithunzi cha kamtsikana kovala yunifolomu, ku Namwera,
ndi sipanala yokulungidwa m'sokosi.
Ndinasoka zipi.
Ulusi wotsala ndinasokera pakamwa panga.

Lero pa kanemapo mlendo uja wakalamba.
Amakhala moyang'ana khomo, nsana kukhoma,
supu amamwera dzanja lamanzere
kuti lamanja likhale mfulu.
Akuuza mayi wa pa bala kuti watopa,
kuti tauni iliyonse ili ndi kamnyamata
kofuna kumuvula dzina n'kulivala.
Anthu akuseka chipewa chake.
Kachala sakuseka.
Bondo lake likuvina lokha.

Anafi naye sakuonera kanema.
Maso ake ali pa chotupa chija.
Ndamva kuti Lamlungu anali ku hositelo ya ku Jeppe
kufunsa mtengo wa chinthu chosagulitsidwa pa shelefu,
kuti ndalama yoti atumize ku Mangochi mwezi uno
sinafike kwa amake.

Ndiye ndichite chiyani, ine wa singano?
Ndikaulula, dzina la Kachala litha ngati thovu la sopo,
ndipo anyamata a pa kona ya Verona
amene amadumpha geti lathu chifukwa cha dzinalo
abwera kudzatenga makina anga ndi kanemayu.
Ndikakhala chete, mwana wa eni
adzawombera munthu wonyamula sipanala,
dzina lija n'kusamukira pa iye
ndi mpando wake womwe,
nsana kukhoma mpaka imvi, ngati angazione.

Taonani, atuluka panja awiriwo.
Msewu uli mbee, galu wathawa,
zala zikulendewera pambali pa lamba,
nkhalamba yatsinzina diso limodzi chifukwa cha dzuwa.

Magetsi thi!

Msewu wonse wabuula, wina watukwana boma,
a Sitima akufufuza machesi m'kabati.
Sitidziwa amene wayamba kusolola.
Mu mdimamo ndikumva zinthu ziwiri zokha:
chifuwa cha Kachala chikuimba mluzu,
zipi yanga ija ikutseguka pang'onopang'ono,
ndi mpando wa Anafi ukukhwekhwereka pa simenti.
Zitatu, kani.

"Anafi," ndatero, "tabwera undigwirire tochi,
pali buluku la kasitomala loti ndipinde."
Wakhala chete nthawi yaitali.
Kampope kalira kawiri, fuu, fuu.