Masabata Atatu ku Mwansambo

Tinafika pa lole ya mlamu wa abusa,
achinyamata khumi ndi anayi, fumbi mpaka m'nsidze,
ine ndi ulaliki wa masamba asanu
umene ndinaulemba ku Kawale ndi cholembera chofiira.
Palibe anaufunsa.
Anandipatsa ndowa.

Mjigo uli kuseri kwa sukulu,
ndipo dothi la njerwa limamwa ngati ng'ombe ya ngolo.
Zione ankatidzutsa kusanache, supuni pa chivindikiro,
pemphero lalifupi, poti udzudzu sudikira ameni,
kenako matope. Kuponda, kuponda,
mpaka zala za kumapazi zinaiwala nsapato.
Chikombole chathu chinang'aluka tsiku lachitatu.
A Sumaili, amene amapemphera Lachisanu,
anabwera ndi chawo cha mlombwa, chosalala ndi zaka.
"Muzichinyowetsa kaye, njerwa siikakamira."
Anakhala pa chitsa mpaka dzuwa litapendeka,
akutiseka ndi maso okha.

Tinkagona m'kalasi ya Sitandade 4,
pa bolodi patatsala samu ya wina yosamaliza.
Lonjezo anaimaliza usiku ndi tochi, nailakwa.
M'denga mileme.
Lachiwiri linthumbu linatitulutsa pakati pa usiku,
tonse panja, mikeka kumutu,
mkulu wa mpingo akudumpha magule
amene kutchalitchi sangawalole.

Loweruka tinakwera phiri.
Wotitsogolera anali Sitefano, wa zaka khumi,
legeni m'khosi, mapazi ouma ngati khungwa.
Anatisonyeza pamene nguluwe inafukula usiku,
anatiswera malambe pa mwala,
anyani akutitukwana kutsidya kwa chigwa.
Pobwerera anati, "Apo musadutse."
Ine ndinadutsa,
kufuna kamthunzi koyeserera ulaliki wanga pa mitengo.

Chitedze!

Ndinatsika phiri lija osaliona.
Mavesi onse anabalalika, anatsala mawu awiri: mayo ine.
Mayi Asiyatu, akupeta nandolo pakhonde,
sanafunse za mpingo wanga.
Anatapa phulusa lozizira, kundipaka m'mikono, m'khosi,
akundikalipira ngati wobala okha:
"Mwana wakuuzani, inu makutu munasiya ku tauni?"
Masamba aja anagwa m'thumba.
Mbuzi yawo inadya lachiwiri ndi lachitatu,
pomwe panali mfundo zanga zonse.

Usiku wa kanema jenereta inatsokomola kawiri, n'kufa,
mudzi wonse utakhala pa bwalo la mpira,
nsalu yoyera ikugwedera pakati pa magoli.
Abusa Kamtambe anandikodola. "Lankhula."
Ndinaimirira, phulusa likadali kuseri kwa makutu,
mawondo akugundana.
Ndinanena za ndowa,
za chikombole chobwereka,
za munthu amene anagwa panjira ndi mlendo amene anaima.
Mphindi zitatu basi.
Khanda linalira. Wina kumbuyo anafunsa
ngati kanemayo ayambanso.
Zione anayambitsa nyimbo, anthu anailanda,
anaiimba mwa kwawo, mothamanga kuposa ife.

Tinaumba njerwa zikwi zisanu ndi ziwiri.
Sitinaotche; uvuni adzayatsa okha nkhuni zikakwana,
ndipo nyumba ya mphunzitsi ija
mwina sindidzaiona ili ndi denga.
Chikombole tinabweza chotsukatsuka.
A Sumaili anachitembenuza, nachigogoda ndi chala,
nati chaka chamawa tibwere ndi chathu cholimba.

Pa lole Lonjezo anagona, mutu pa thumba la mtedza
limene amayi a mvano anatikakamiza kutenga.
Ine ndinkawerenga matuza m'zikhato:
anayi, awiri ataphulika.
Pa njerwa ina yaiwisi ndinaterereka n'kudindapo dzanja,
mzere wachitatu kuchokera ku mtengo wa bwemba.
Idzalowa m'khoma, adzaimata pulasitala,
mphunzitsi adzakhomapo msomali wa kalendala.