Mzere wa Mkazi Wake

Ndinatsika minibasi pa Kamwendo ndi mayina atatu m'thumba,
olembedwa kuseri kwa lisiti la feteleza:
Zuze, Nachisale,
ndi lina limene amalume analitafuna osalimeza,
mwina Kalindiza, mwina Kalinde.
Anati, "Mutu wanga wadontha, kafunse ku mishoni."

Makiyi amasunga ndi Sisitere Otilia.
Anachokera ku Mekisiko zaka khumi ndi zinayi zapitazo,
Chichewa chawo chimagubuduka ngati mtedza m'lichero.
Anandikokera mpando, natsitsa mabuku anayi
onunkha zitosi za mileme ndi palafini.

Tinayamba ndi la 1931.
Inki inasanduka tiyi wopanda mkaka.
Zilembo za wansembe zapendekera mbali imodzi
ngati chimanga chimene mphepo yadutsamo,
Chilatini pamwamba, ife pansi,
mayina athu momwe khutu la mlendo linawatolera.
Chiswe chinatitsogolera kuwerenga:
chinadya Meyi yense ndi theka la Juni,
mwezi ndi theka wa makanda, osasiya ngakhale mmodzi.

Zuze tinamupeza dzuwa litapendeka.
Yosefe Zuze, wobatizidwa ali ndi ndevu kale,
wochokera "kwa Apwitikizi," basi,
ngati kumeneko ndi mudzi umodzi wa chitsime chimodzi.
Bambo ake alembedwa.
Mboni yalembedwa, ndi mudzi wake womwe.
Pamene payenera kukhala mkazi wake
pali kamzere,
kakafupi ngati mphini.

Ndinaseka, kuseka kowawa.
Sisitere, ife mtundu timayamwa.
Munda umene ndimalimamo soya ndi wa mkazi ameneyu,
manda amene ndidzagonemo ndi akwawo.
Zuze anali mkamwini,
anafika ndi bulangete limodzi ndi nkhwangwa yobwereka.
Buku lanuli lasunga tambala,
lataya thadzi ndi khola lomwe.

Sanayankhe msanga.
Anapukuta magalasi, natulutsa foni yong'aluka pakona,
nandionetsa tsamba lina, mphwake wa lathuli,
mizere yomweyo, Chilatini chomwecho,
la ku tchalitchi cha kwawo, kumapiri a Halisiko.
Usiku magetsi akabwera, iwonso amafufuza,
parishi ndi parishi, m'chigawo chimodzi chokhacho,
kutsata azimayi a mtundu wawo chobwerera m'mbuyo.

"Wanga dzina lilipo," anatero. "Petra.
Koma pambali pake analembapo liwu limodzi, india.
Bambo palibe. Mudzi palibe.
Chilankhulo chimene ankatonthozera mwana, palibe.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndaima pa liwu limeneli
ngati munthu wodikira basi pa siteji imene inasamuka."

Tinakhala chete.
Panja wina ankapopa mjigo, chitsulo chikulira mafuta.
Ndinaganiza za Petra ndi wa kamzere uja,
akazi awiri osadziwana, nyanja yamchere pakati pawo,
aliyense ataima pakhomo la tchalitchi, mwana kumsana,
mlembi akufunsa mwamuna yekha.

M'bukumo saloleza kulembamo, ngakhale ndi pensulo.
Ndinang'amba lisiti langa lija,
kachidutswa ka Nachisale ndinakalowetsa pakati pa masamba.
Ndikudziwa, si dzina lakelake, ndi mfunda chabe.
Ukaitana choncho pa msika wa Kapiri
atembenuka akazi makumi awiri.
Komabe kamzere kaja kapeza womuyandikira.
Sisitere anaona, nayang'ana kuzenera.

Lachitatu lija, Kalindiza kapena Kalinde,
mwina linali mu Meyi.

Mawa ndilawirira ku Mkanda.
Akuti kuli mdzukulu wina, a Msakambewa,
anayamba kukumba manda asanamere tsitsi la kukhwapa,
amadziwa amene anagona pansi pa mtengo uti,
anabadwa kwa yani, anayamwa bere liti.
Ndawagulira fodya ndi shuga.
Sadziwa kuwerenga,
ndipo chiswe sichinawafike.
Sisitere akuti ndikabwerako ndidzawauze,
akufuna adziwe ngati kwawonso
angakafunse okumba manda.