Mamita Atatu

Lachinayi lililonse ku Gulupu,
m'khonde lonunkha mankhwala okolopera,
mumandidikira mpando wapulasitiki
ndi tepi yofiira yomata pansi.
Pakati pa ziwirizi pali mamita atatu.

"Bambo Kamwendo, ndikati tiyeni mudzuke,
mukaponde tepi, mutembenuke, mudzakhalenso."
Akutero Sigele, mwana wa dzulodzuloli, chala chili pa wotchi.
Ee, Kamwendo ndi dzina langa. Sekani, ine ndinaseka kale.
Pa pepala lake ndine nambala 47.

Ine amene ndinali mesenjala zaka makumi awiri,
kuchoka ku Mandala mpaka ku Limbe wapansi,
ya basi nditabisa m'sokosi
kuti madzulo ana adye mabanzi,
lero ndikupimana mphamvu ndi mamita atatu.

Tiyeni!
Bondo lamanja limayamba n'kung'ung'udza,
kukutukukutu, ngati njinga yothira mchenga m'tcheni.
Lamanzere limangotsatira, lilibe maganizo akeake.
Potembenuka khoma limapendama pang'ono
ndipo ndimalinyalanyaza.
Khu! pampando.
"Masekondi khumi ndi asanu ndi anayi."
Alemba. Sakweza nkhope.

Kenako aimika nkhalamba ndi mwendo umodzi
ngati kakowa wa mu Mudi.
Kenako funso lija:
"Kuyambira ziro mpaka teni, ululu uli pati?"
Ululu uti, mwanawe?
Wa mbandakucha chiperoni chikatsika m'Soche
n'kudzagona m'mfundo zanga?
Kapena wa tsiku lija kumanda,
anthu onse atagwada potsanzika Nasimango wanga,
ine chiimire ngati mlendo?
Ndimangoti, "Sikisi."
Sikisi ndi nambala yaulemu, siidandaula kwambiri.

Anati envelopu ndiyo inasankha gulu langa:
ife opinda ndi kuwongola mwendo m'mawa uliwonse
thumba lamchenga lili pa kakolo.
Che Ajibu, amene tinkadikira limodzi pa benchi,
yawo inawaponya kwina.
Tikakumana sitifunsana zotsatira,
timangoonerana mayendedwe.

Koma ndili ndi miyeso yanga imene wotchi siidziwa.
Sitepe ya minibasi ya ku Chilobwe,
kondakitala akukuwa, "Changu madala, tikuthamangira nthawi!"
Chingwe chimene mdzukulu anandimangira m'chimbudzi
osandiyang'ana m'maso.
Ndi thabwa lija la pa ngalande kuseri kwa nyumba,
utali wake mapazi asanu ndi limodzi basi,
limene ndakhala ndikulizungulira
chichokere mvula ya chaka chatha,
kudzera kwa ogulitsa makala, kuwapatsa moni wosafunika
kuti aziyesa ndadzera dala.

Sabata ya khumi ndi chiwiri.
Tiyeni!
Kudzuka, tepi, kutembenuka, khu.
Sigele ayang'ana wotchi kawiri.
"Khumi ndi anayi!"
Asanu aja agwera kuti?
Mwina ali m'thumba lamchenga,
mwina ndangozolowera tepi yake,
mwina lero kwangofunda.
Iye akuti munthu mmodzi sayankha funso,
mpaka manambala athu onse akathiridwe m'kompyuta
ndi kusefedwa ngati ufa.
Chabwino. Mwini wotchi ndi iyeyo.

Ndiye ndinamuuza, akutseka kale fayilo:
"Lolemba ndinawoloka thabwa.
Ndinaima pakati, madzi akuda akudutsa pansi,
mtima uli phaphapha,
koma ndinawoloka, ndodo ili m'khwapa,
m'manja muli mpiru wa handiredi kwacha."

Anatsegulanso fayilo.
Anayenda ndi cholembera tsamba lonse, bokosi ndi bokosi,
natembenuza kuseri.
Bokosi la thabwa munalibe.

Anatenga pensulo m'tsitsi lake
nalemba m'mphepete mwa pepala, timalemba tating'ono topendama,
kenako anafunsa,
"Pobwerera munadzeranso pomwepo?"

Ayi, mwanawe.
Pobwerera ndinadzera kwa amakala.
Lembanso zimenezo.