Usiku Wosamutsa Mbalame

Ku Bristol mvula siodira,
imangolowa.
Ine ndimayamba ntchito anzanga akuweruka.
Gethin wandisiyira timabokosi tinayi patebulo,
takuda, tofunda ngati mazira ongoikira kumene,
ndi kapepala: Zifike ku London isanakwane sikisi.
Pasatayike kanthu.

M'timabokosimo muli mbalame.
Masabata asanu ndi limodzi a mbalame za kunyanja ya kumpoto,
zojambulidwa ndi munthu wogona m'tenti pathanthwe,
matelabaiti khumi ndi anayi,
nthenga iliyonse yooneka payokhapayokha,
ngakhale kadontho ka madzi pamlomo pa kamwana kake.

Ndimalumikiza nthambo.
Fayilo iliyonse ndimaitcha dzina:
deti, malo, kamera, khadi yachingati.
Kenako kamzere kobiriwira kamauyamba ulendo wa nkhono,
ine n'kukhala pampando ngati wodikirira wodwala.

Lamulo la nyumba ino ndi limodzi:
chinthu chosungidwa pamodzi pokha, chiyese kulibe.
Ndiye katatu.
Pa seva yolira usiku wonse kuchipinda chapansi,
pa tepi m'kabati yozizira,
ndi kutali kwina kumene sindinapondeko,
kumene iwo amati kumitambo.
Zikafika, makina a kuno ndi a uko amawerengetsana,
nambala ndi nambala,
ngati amayi awiri pa ndalama za chipereganyu,
osakhulupirirana ngakhale pa tambala.

Cha m'ma wani koloko netiweki inatsamwa,
kamzere katatsala chala chimodzi.
Ndinatukwana m'Chichewa.
Makinawo sanamve, kapena anangondikhululukira.
Ndinayambiranso.

M'pamene foni inanjenjemera m'thumba.
Ndaziona, mlongo wanga, ku Ntcheu:
Achimwene, bando yandithera,
ndakwanitsa aka kokha.

Masekondi makumi anayi ndi awiri.
Mamegabaiti atatu.
Tsiku la chiliza cha bambo,
lija ndinatumizira ndalama ya simenti
m'malo mwa mapazi anga.

Mphepo yameza nyimbo ya amayi a Mvano.
Dzanja la wojambula likunjenjemera.
Dzina la pamwala silikuwerengeka,
zilembo zasungunuka ngati shuga m'tiyi.
Ndipo uyo wa duku loyera,
amene ndamuzindikira ndi kapendekedwe ka phewa basi,
ndi mayi anga.
Nkhope yawo yaphwanyika kukhala timabwalo tofiirira,
pamene payenera kukhala maso
pali mthunzi.

Ndinakweza mutu.
Pagalasi lalikulu mbalame inali kundiyang'ana,
diso lake loyera mbee,
moti mkati mwake ndimatha kuona
munthu wa kamera uja, chipewa chake,
ndi mtambo umene unali kumbuyo kwake tsikulo.

Sindinaikwiyire mbalameyo.
Inalakwanji?
Ndinangoonera kakanema kanga kasanu ndi kawiri,
ndikukulitsa ndi zala ziwiri,
koma ndikamakulitsa
m'pamene mayi amasowera.

Faifi itapitirira pang'ono, kamzere kanadzaza.
Manambala anagwirizana.
Mbalame zonse zatera ku London,
palibe nthenga yotsala m'njira.
Mayi Halina analowa ndi makina awo osesera,
n'kundipatsa moni ndi chibwano.

Ndisanazimitse magetsi
ndinatenga masekondi anga aja.
Ndinawaika pa fulashi ya pa makiyi anga,
ndinadzitumizira pa imelo,
ndinawakwezanso kumitambo komweko,
kaya bambo akawaonako.
Ndinawatcha dzina monga ndinaphunzirira:
deti,
malo,
kamera: foni ya Ndaziona, yong'aluka pakona.

Pamalo okwerera basi ndinamugulira bando ina.
Ndinalemba: Ukapita kwa mayi Lamlungu,
uwajambule ali panja, dzuwa lili kumaso.
Uyandikire.
Usawauze kuti aseke.