Jekete la ku Joni

Ku Lusangazi kuno Juni sagogoda.
Amalowera pansi pa chitseko
ndi m'mabowo a misomali ya malata,
n'kugona pakati pa ine ndi Walusungu
ngati nayenso anabadwira m'nyumba muno.

Tambala asanaganize zolira, amayi adzuka kale.
Ndimamva ndowa ikugunda mwala wa pakhomo,
kenako dzina langa, kawiri.
Kachitatu saitana, amangokoka bulangete.

Nkhungu yameza nthochi, yameza khola,
tochi ya pafoni ikulekezera m'mawondo.
Ng'ombe yathu dzina lake ndi Ngongole,
poti inabwera ndi pepala lodinda chala:
mwana wake woyamba wamkazi si wathu,
adzapita kwa a Luhanga kutsidya kwa dambo.
Ngongole imadana ndi manja ozizira.
Ukaiwala kuwaviika m'madzi ofunda
imakukumbutsa ndi chiboda.

Chisanu chili ndi ubwino umodzi,
amatero amayi akutseka chigubu:
mkaka sufulumira kusasa.
Ndimakankha njinga pachitunda,
makutu akuwawa ngati wina wawapotokola,
ndipo mlembi wa kumkaka, chipewa mpaka m'nsidze,
amalemba malita asanu ndi anayi
ndi zala zokanika kugwira bolopeni.

Masana dzuwa limangosuzumira ngati wodutsa.
Yunifolomu ya Walusungu yatha masiku atatu pachingwe,
tikaiyanika pamoto, kusukulu amamutcha Nyautsi.
Timathyola khofi, wofiira yekhayekha,
mame akutsikira m'zigongono.
Nsenjere zachepa kudambo,
madeya akwera mtengo ku Zigwagwa,
zidendene za amayi zang'aluka
moti ndalama yachitsulo ingaime m'menemo.

Bambo ali ku Joni, chino n'chaka chachinayi.
Chaka chatha anatumiza jekete pa matola,
lakuda, laubweya m'kati, zipi yake yolira bwino.
Linatikulira tonse.
Amayi analipinda n'kuliika pansi pa sutukesi,
akuti mwini wake adzalipeza.

Ndiye kunabwera usiku uja wa Julayi,
kamvula kowaza kosamveka n'komwe padenga.
Ngongole inabuula kuyambira madzulo,
n'kubereka nkhuku zisanatsike.
Kakakazi.
Kanagwa m'matope, kakunjenjemera mpaka m'makutu.
Tinakapukuta ndi udzu. Masaka onse anali onyowa.
Mbaula inangofuka, makala atamwa chinyezi.

Amayi anaima, manja m'chiuno,
kuyang'ana chuma cha a Luhanga chikuzizidwa.
Sanalankhule. Analowa m'nyumba.
Ndinamva sutukesi ikukwekwereka pansi pa bedi.

Miyendo yakutsogolo inalowa m'mikono bwinobwino.
Zipi anaitsekera kumsana.
Walusungu anaseka mpaka kutsokomola,
ine ndinagwira tochi, osadziwa koyang'ana,
poti m'kholamo munamveka fungo la sopo wachilendo,
la sitolo zimene sitinaziwonepo,
ndipo kang'ombe kanatulutsa mutu pakolala
ngati munthu wongotsika basi
amene akufunafuna womuchingamira.

Kutacha kanaimirira, kanayamwa.

Tsopano jekete lili ndi ndowe m'matumba,
mkono umodzi Ngongole inautafuna.
A Luhanga amabwera Loweruka lililonse
kudzaona ng'ombe yawo yovala bwino kuposa iwo,
amatisiyira kabichi awiri, nthawi zina nyemba.

Dzulo bambo anaimba.
Mawu awo ankaduka ngati ulusi wakale.
Anafunsa za khofi, za fizi, za denga,
kenako anati, kumeneko kwazizira,
jekete lija mukuvala?

Amayi anayang'ana kukhola,
kumene nthunzi ziwiri zinkakwera m'nkhungu,
yaikulu ndi yaing'ono.
Anasintha foni, kuiika khutu linalo.
Likuvalidwa, anatero.
Mayunitsi anathera pomwepo.