Theka Lokha

Lachisanu usiku ku Osijek, m'khitchini mwa Zdravko.
Mapu ali patebulo, tchipisi chazizira.
Msilikali wa Tihana, kachidole ka mtovu,
wabisala kuseri kwa khoma lojambula ndi pensulo.

"Bomba laphulika," atero Zdravko. "Ponya."
Dayisi igubuduka, igunda kapu, iima pa khumi ndi zisanu.
"Khoma landitchinga! Buku likuti theka lokha."

Zdravko avula magalasi.
Buku silidziwa, atero,
kuti mpweya wa bomba umakhota pakona
ngati galu wodziwa kwawo.
Khungu ulibe nalo ntchito.
Umasaka momwe muli mphako:
m'khutu, m'mapapo, m'matumbo.
Munthu amadzuka, n'kusasa fumbi, n'kuseka,
wopanda ndi bala lomwe,
kukacha akutsokomola thovu lofiira.

Vedran asiya kutafuna.
Onse amadziwa chifukwa chake
Zdravko amatchera khutu lakumanzere lokha.

Firiji ikung'ung'udza payokha.

"Ndiye ndichotse zingati?"
Tihana wagwira chofufutira.
Zdravko ayang'anitsitsa kachidole kaja,
akaimika bwino ndi chala chonjenjemera.
"Theka," atero. "Tsata buku.
Patebulo pano khoma limateteza."